Mfundo za pa chingwe: masiku asanu m'madoko a ku England

Lamulungu usiku, 8 Juni, ku Reading

Chikwama ndinalongedza masana. Mwana wanga wachitsegulanso n'kuikamo juzi yachiwiri ndi ambulera, akuti, "Adadi, Juni wa kuno musamukhulupirire." Iye ndi namwino, sabata ino akugwira ya usiku. Bambo a kunyumba kuno amachoka kusanache, adzukulu ali kusukulu. Ndakhala pa mpando umodzimodzi masabata atatu mpaka wayamba kundidziwa, ndiye ndati ndisanabwerere kumudzi ndikabweze kangongole kena komwe ndinatenga mu 1994.

Ngongoleyo ili chonchi. Ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka 31. Zining'a za Chingerezi tinkawaloweza ana ngati mavesi a Sande sukulu: chining'a uku, tanthauzo uku, mayeso akabwera ulavule. Tsiku lina m'ndime yomwe tinkawerenga munali "three sheets to the wind", mawu onena munthu woledzera mpaka kudzandira. Mtsikana wina wa pa desiki yakutsogolo, wovuta ndi mafunso, anakweza mkono. "Sala, kuledzera ndi ma sheet zikugwirizana pati?" Ine wobadwira kumapiri a ku Dedza, nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo. M'malo movomera kuti sindikudziwa, ndinati ndi nsalu zitatu zoyala pabedi, zoyanikidwa pa chingwe, mphepo ikuzikankha uku ndi uku ngati chidakwa. Ana analemba m'makope. Chaka chotsatira ndinabwerezanso, mpaka ndinayamba kuzikhulupirira ndekha. Patapita zaka ndinamva kuti ndi mawu a amalinyero, koma momwe zimakhalira sindinazione m'maganizo. Mawa ndikukaona ndi maso.

Lolemba, 9 Juni, Greenwich

Kuchoka ku Reading kufika ku Paddington, siteshoni ya mu London, ndi theka la ola, koma mtengo wa tikiti nditauwerengera m'makwacha mutu unayamba kuwawa. Ndapangana ndi mtima wanga kuti sabata ino sindichulukitsanso. Ndili m'sitimamo ndinakumbuka kuti dzina lakuti sitima nalonso ndi la pamadzi. Linachokera ku "steamer", monga Ilala yoyamba ija yomwe amishoni analowa nayo pa nyanja yathu mu 1875. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, makolo n'kungoti iyinso ndi sitima, koma yapamtunda.

Ku Westminster ndinakwera boti lopita ku Greenwich. Apa ndiulule, madzi ndimawaopa. Mu 1987 ndinakwera Ilala kuchoka ku Chipoka kupita ku Nkhata Bay nthawi ya mwera, ndipo zomwe ndinachita usiku umenewo anzanga a ulendowo amandikumbutsabe tikakumana pamaliro. Mtsinje wa Thames ulibe mafunde otero, komabe ndinakhala pakati penipeni, maso ali pa majekete opulumutsira. Mseru unayamba tisanafike n'komwe pa Tower Bridge. Pa Chingerezi mseru ndi "nausea", ndipo muzu wake ndi mawu a Chigiriki akuti naus, ngalawa. Kwa Agiriki mseru weniweni unali wa m'ngalawa basi, ndipo lero ndagwirizana nawo.

Kupitirira mlathowo, m'mbali monse muli nyumba zakale zosungiramo katundu, zomwe lero akugonamo anthu andalama. Pa mtsinje womwewu mu 1768 amalinyero, atakwiya ndi malipiro, anakwera m'sitima za mabwana awo n'kutsitsa matanga, zija zinsalu zikuluzikulu zokoka mphepo, kuti pasapezeke sitima yochoka padoko. Kutsitsa thanga iwo amati "to strike". Sitalaka yathu ija ndi imeneyi. Ine amene ndinakhalapo pansi pa mtengo masabata awiri choko chili m'thumba, sindinkadziwa kuti ndikutsitsa matanga.

Cutty Sark, sitima yakale ya matanga, ili pamtunda, anaikweza m'mwamba moti umayenda kunsi kwake. Inamangidwa ku Dumbarton mu 1869 kuti izikatenga tiyi ku China, kenako inkanyamula ubweya wa nkhosa kuchokera ku Australia. Ndinalipira mapaundi opitirira pang'ono 20 n'kulunjika pamwamba, pomwe pali zingwe. Abale, zingwe! Akuti zonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 18. Panali bambo wina wachikulire, wa anthu ongodzipereka kulandira alendo. Ndinamufunsa mosazungulira kuti sheet ndi chiyani. Ndinkayembekezera kuti aloza thanga, popeza ndi nsalu. Iye anagwira chingwe. Sheet ndi chingwe chomangidwa pa ngodya ya m'munsi ya thanga, chomwe amakoka kapena kumasula kuti thangalo likhale bwino pa mphepo. Chikamasuka, thanga limangokupiza pachabe. Zikamasuka zitatu, sitima imapepeluka, kupita uku, kubwerera uku, ngati munthu wochokera ku mowa wamasese.

Ndinaima chete chingwe chili m'manja. Chinali chokhakhala, chonunkha phula. Bamboyo anafunsa ngati ndili bwino, ndipo ndinamuuza za nsalu za pabedi zija. Anaseka mpaka kupukuta magalasi, koma kuseka kwake kunali kwabwino, ndipo anakhala nane pafupifupi ola lathunthu. Anandionetsa mzere wa zikhomo zomangirapo zingwe. Chingwe chilichonse chili ndi dzina ndi chikhomo chake, ndipo mnyamata watsopano ankayenera kuzidziwa zonse mpaka kuzipeza mu mdima, mvula ikugwa. Ndiko kunachokera "learn the ropes", kuzolowera ntchito yatsopano. Mphepo ikatembenuka mwadzidzidzi n'kuwomba matanga chakutsogolo, kuwapanikiza pa mlongoti, sitima imaima njii, mwinanso kubwerera m'mbuyo. Imeneyo ndiyo "taken aback", yomwe ife tinkangoti kudzidzimuka. Yomwe yandikoma kwambiri ndi "by and large", kunena kuti tikaona mbali zonse. Ndakhala ndikuilemba m'malipoti a ana kumapeto kwa teremu. "By" ndi kuyenda moyang'anana ndi mphepo, "large" ndi kuyenda mphepo ikukankha chakumbuyo. Sitima yabwino inkayenera kutha zonse ziwiri. Ngakhale "skyscraper" poyamba kanali kathanga kakang'ono ka pamwamba penipeni pa mlongoti, nyumba zosanja zinangobwereka dzina.

Nkhomaliro ndinadya pa kasitolo kakale kogulitsa payi wa nyama ndi mbatata yosinja, mapaundi 7. Anandinyengerera kuti ndilawe nsomba zina zonga njoka, zoziziritsidwa m'madzi oundana ngati phala la dzulo. Ndinathokoza n'kukana.

Mzere wotchuka uja wogawa dziko kum'mawa ndi kumadzulo, womwe aliyense amajambulitsapo, sindinapiteko, phiri lake mawondo anakana. Ndinalowa mu National Maritime Museum, yaulere. M'menemo ndinamvetsa chinthu chomwe chandisangalatsa tsiku lonse. Kale poyeza liwiro la sitima ankaponya kathabwa m'madzi, komangidwa ku chingwe chokhala ndi mfundo pa mamita 14 ndi theka alionse. Wina ankatembenuza kagalasi ka mchenga ka masekondi 28, wina n'kumawerenga mfundo zomwe zadutsa m'zala zake. Mfundo zisanu, liwiro ndi "five knots". Mpaka lero sitima ndi ndege zimayezedwa ndi mfundo, imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Kathabwa kaja ndi "log", buku lolembamo zotsatira linakhala "logbook", ndipo mdzukulu wanga akamachita "log in" pa kompyuta, ndiye kuti akuponya kathabwa m'nyanja. Ife mfundo ya pa chingwe tinaisandutsa mfundo ya pa msonkhano, iwo anaisandutsa liwiro.

Pobwerera ndinakana boti. Mayi wina anandilozera njira ya pansi pa mtsinje, ngalande ya oyenda pansi ya mu 1902. Nditatsikamo ndinazindikira kuti ndathawa madzi apansi n'kudziika pansi pa madzi. Makoma onyowa, mapazi akumveka kawiri. Ndinayenda ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Kamwana ka zaka ngati zinayi kanandipitirira pa kanjinga kakuseka.

Lachiwiri, 10 Juni, Portsmouth

Ndinasintha sitima ku Guildford, ndipo chifukwa cha tulo yoyamba inandisiya ndikuyang'ana. Mphindi 30 pa benchi yozizira, tiyi wa mapaundi atatu wosakoma. Siteshoni ya Portsmouth Harbour anaimanga pa mizati pamwamba pa madzi, ukasuzumira pansi umaona nyanja. Chipinda ndapeza cha mapaundi 65, chaching'ono moti chikwama chagona pa mpando.

Madzulo ndinagula nsomba ndi tchipisi, mapaundi 13, n'kukakhala m'mbali mwa nyanja. Nsomba yake ndi yaikulu, yopanda minga, koma pa chambo siyifikapo. Ndisanadye theka, chimbalame choyera cha kunyanja chinatsika ngati kabawi n'kunyamula chidutswa chachikulu. Anthu oyandikana nane sanadabwe n'komwe.

Mphepo itakula ndinathawira m'bala ina yakale. Ndinaitanitsa chakumwa chozizira, ndipo mkulu wina wa zaka za m'ma 70, mikono yodzaza zojambula zofufuma, anandiitanira pa tebulo lake. Anagwira ntchito ya usilikali wapamadzi kuyambira ali mnyamata. Nditamuuza chomwe ndadzera, maso ake anawala ngati ndamubweretsera mphatso.

Anayamba ndi mowa. Mu 1740 mkulu wa asilikali apamadzi, Edward Vernon, analamula kuti ramu wa amalinyero azisungunulidwa, muyezo umodzi wa mowa, inayi ya madzi. Vernon ankakonda chikhoti cha nsalu yokhakhala yotchedwa grogram, ndiye anyamata ankamunena kuti Old Grog. Mowa wothira madziwo anaupatsa dzina lomwelo, ndipo wodzuka ndi matsire, mutu uli zii, mpaka lero amati ali "groggy". Mkuluyo analipo tsiku lomwe mwambo wogawa ramu unatha, pa 31 Julaye 1970. Akuti ena anamanga nsalu zakuda pamkono ngati pali maliro. Ankanena akuseka, koma mawu anali ndi kachisoni.

Ine ndinabweza ndi zakwathu. Ndinamuuza kuti ifenso, ngakhale tilibe doko la nyanja yamchere, tinatola mawu kwa anthu a m'ngalawa, makamaka Apwitikizi omwe ankakwera ndi Zambezi. Malinyero ndi marinheiro, kapitawo ndi capitão, ndipo kachasu wathu ndi m'bale wake wa cachaça, mowa wa nzimbe. Anayesa kutchula kachasu katatu, n'kulemba pa kapepala koikapo tambula.

Atafika pa botolo lachitatu anayamba kundipatsa zambiri. Akuti "posh" ndi zilembo zoyamba za "port out, starboard home", zomwe ankadinda pa matikiti a anthu olemera opita ku India kuti apatsidwe zipinda za kumthunzi. Akuti "square meal" ndi chifukwa cha mbale zathabwa za ngodya zinayi. Anawonjezanso china cha nyani wamkuwa ndi kuzizira, chomwe mkulu wa mpingo ngati ine sindingachilembe pano. Ndalemba zonse m'kabuku. Anakana kuti ndilipire chakumwa changa.

Lachitatu, 11 Juni, Portsmouth

Ndili ndi chotupa pamphumi. Pakhomo la HMS Victory, sitima yankhondo yakale, anandichenjeza bwinobwino kuti ndiziwerama, ine n'kuvomera, n'kuiwala pa masitepe achiwiri. Gu! Mlandu ndi wanga.

Sitimayi pano ili m'kati mokonzedwa, yazunguliridwa ndi zitsulo ndi matenti, moti kunja sikuoneka ngati pa zithunzi. Zilibe kanthu, ine ndinadzera zam'kati. Inalowa m'madzi mu 1765 ku Chatham, ndipo pa nkhondo ya Trafalgar, pa 21 Okutobala 1805, munali anthu oposa 800 ndi mizinga 104. Za pomwe Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a Britain pa nkhondoyo, anagwera aliyense amazidziwa, gulu linaunjikana pamenepo, ine ndinatsikira kunsi komwe kunkakhala anthu wamba.

Kunsiko ndi kwamdima, denga lili pafupi. Munthu aliyense ankapatsidwa malo a mainchesi 14 opachikapo nsalu yake yogonamo, kutalika kwa rula ya kusukulu n'kuwonjezera pang'ono. Usiku kapitawo wa zingwe ankaliza kawenzulo kake komaliza, kutanthauza kuti nyale zizime, phokoso lithe. Kulizako ndiye "pipe down". Zaka zisanu zomwe ndinkayang'anira anyamata ogonera pasukulu ndinkakuwa mawu amenewa pa zenera la hositelo usiku uliwonse. Bwenzi nditagula wenzulo.

Mizinga ikuluikulu ya kunsi inkalemera matani pafupifupi atatu umodzi, ili pa matayala, yomangidwa ndi zingwe zonenepa ngati mkono. Ndinaima pambali pa umodzi n'kuganiza chingwe chitaduka pa namondwe, chitsulo chonsecho chikuyenda chokha m'chipinda chodzaza anthu. "Loose cannon" tinkati ndi munthu wosalamulirika. Tanthauzo tinkalondola, koma mantha ake sitinkawadziwa.

Pa chitofu chachikulu chachitsulo ndinapeza mtsikana wolondolera alendo, wa msinkhu wa mwana wanga. Anafotokoza kuti nyama ya mchere ikamawira m'miphika, mafuta oyandama pamwamba ankawatcha "slush". Ena ankapaka milongoti ndi zingwe, otsala wophika ankasunga m'migolo n'kukagulitsa padoko kwa opanga makandulo. Ndalama yake sinkalowa m'mabuku. Ndiyo "slush fund" yomwe timawerenga m'nyuzipepala nkhani za katangale zikavuta. Chuma chobisika cha akuluakulu, dzina lake n'kukhala mafuta a pamwamba pa mphika! Apa Chingerezi chinalasa.

Ndinatulutsa kabuku kanga n'kumuwerengera zomwe ndinapatsidwa dzulo ku bala. Anamwetulira ngati namwino amene wamva kuti wodwala anayamba wapita kwa sing'anga. Za "posh", akuti anthu afufuza m'mabuku a kampani ya sitima zapamadzi ya P&O ndi kwina konse, tikiti yodindidwa choncho sinapezekepo ngakhale imodzi, ndipo nkhaniyo inayamba kumveka mawuwo atakhala kale pakamwa pa anthu. Mbale za ngodya zinayi zinalipodi, anandionetsa, koma "square meal" inayamba kulembedwa ku America cha m'ma 1800, kutanthauza chakudya chokwanira, chosanyenga. Za nyani wamkuwa, yemwe amati chinali chimbale choikapo zipolopolo za mizinga, zipolopolozo ankaziika m'mathabwa oboola, osati pa mkuwa. Ngakhale "turn a blind eye", yomwe amati inayamba ndi Nelson pa nkhondo ya Copenhagen mu 1801 pomwe anaika chowonera patali pa diso lake lakufa kuti asaone lamulo lobwerera, mawuwo analipo kale m'mabuku iye asanabadwe. Nkhani yake inangowatchukitsa. Akuti akatswiri a mawu amaseka kuti kuli komiti yachinsinsi yomwe ntchito yake ndi kupezera mawu alionse kholo la panyanja.

Kunena zoona, mtima unakhala pansi. Ndimayesa wabodza ndine ndekha, wa ku Dedza. Eni chinenero, okhala pa doko penipeni, nawonso akasowa yankho amapeka, ndipo zopeka zawo zimakoma kuposa zoona. Mkulu wa dzulo sindikumuimba mlandu. Za ramu ananena zoona chifukwa anamwa nawo. Zinazo anangolandira, monga ana anga analandirira nsalu za pabedi.

Chomaliza chomwe mtsikanayo anandigwiritsa ndi chingwe choyezera kuya kwa madzi, chokhala ndi chimtovu kumapeto. Kunsi kwa mtovuwo kuli kadzenje komwe ankamatamo mafuta kuti katole mchenga kapena tizigoba, adziwe pansi pali chiyani. Muyezo wake ndi "fathom", mafiti 6, ndipo m'Chingerezi chakale mawuwa ankatanthauza manja otambasula. Ndinatambasula manja anga osaganiza. Uwu ndi mkwamba! Agogo anga aakazi ankayeza nsalu choncho, kuchokera ku chala ichi kufika ku chala icho, ndipo m'Baibulo lathu, pa Machitidwe 27 pomwe Paulo ali m'ngalawa pa namondwe, amalinyero akuyeza madzi m'mikwamba. Mngerezi akati "I cannot fathom it" akunena kuti chingwe chake chatha koma pansi sanafike.

Madzulo ndinalimba mtima n'kukwera kaboti kowolokera ku Gosport, ulendo wa mphindi zinayi, mapaundi asanu kupita ndi kubwera. Ndinaona nyale yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja. Kumanja ndi "starboard" chifukwa ngalawa zakale zinalibe tsigiro kumbuyo, ankaziwongolera ndi nkhafi yaikulu ya mbali ya kumanja, "steer board". Pofika padoko ankagunditsa mbali inayo kuti nkhafi isathyoke. Mbali imeneyo inali "larboard", koma pa mphepo mawu awiriwa ankamveka ofanana, ndiye mu 1844 asilikali apamadzi a Britain analamula kuti izitchedwa "port". Sindinasanze. Ndalemba kuti anthu a 1987 aja adziwe.

Lachinayi, 12 Juni, Bristol

Sitima imodzi yokha, kudzera ku Southampton, Salisbury ndi Bath, maola awiri ndi theka. Ndinagona mpaka ku Bath.

Masana ndinayenda wapansi m'mbali mwa doko mpaka kumapeto, komwe kuli zitseko zotsekera madzi. Kuseri kwake mtsinje wa Avon ndinaupeza uli matope okhaokha, makoma a thope aatali kuposa nyumba, kamadzi kakuyenda pansi ngati mfuleni wa mu Okutobala. Kuno nyanja imatha kukwera ndi kutsika mamita oposa 12, kawiri pa tsiku. Kale sitima zikafika mu mzindawu, madzi akaphwa zinkakhala pa thope n'kupendekeka. Yosalimba inkathyoka, ya katundu woika mwachisawawa zonse zinkagubuduka. Ndiye sitima yobwera ku Bristol inkayenera kukhala yolimba, zonse zomangidwa pamalo pake. Ndiko amati kunachokera "shipshape and Bristol fashion". Ndipo ndinaona ndi maso kaboti kena katagona chammbali pa thope, madzi ali kutali, mwini wake palibe chomwe angachite koma kudikira. "High and dry" ndi ameneyo. Vutoli analithetsa mu 1809, pomwe William Jessop anatseka madzi m'doko kuti asamaphwe.

Pafupi pomwepo pali chosema cha mutu wa Samuel Plimsoll, wobadwira mu mzinda uno mu 1824. Masiku ake eni sitima ena ankadzaza katundu mopyola muyezo m'sitima zowola, zili pa inshuwalansi, zikamira iwo n'kulandira ndalama, amasiye n'kulandira uthenga. Plimsoll anamenya nkhondo ku nyumba ya malamulo mpaka mu 1876 lamulo linatuluka loti sitima iliyonse ikhale ndi mzere pambali, madzi asaupitirire. Nsapato za jimu zija amati "plimsolls" zinatengera mzere womwewo, pomwe labala amakumana ndi nsalu. Ndinaganiza za matola a kwathu, thumba pamwamba pa thumba, mbuzi pamwamba pa anthu. Choko ndikanali nacho, wina andibwereke lole.

Kenako tsiku linalemera. Ndinalowa mu M Shed, nyumba yosungira mbiri ya mzindawu. M'menemo mwagonekedwa chifanizo cha Edward Colston, wamalonda a akapolo wa mu mzindawu, chija anthu anachigwetsa n'kuchiponya m'doko pa 7 Juni 2020, penti idakali pomwepo. Pakati pa 1698 ndi 1807 sitima za ku Bristol zinayenda maulendo oposa 2,000 ku Africa, n'kunyamula anthu pafupifupi 500,000 kukawagulitsa kutsidya la Atlantic. Ambiri anali a kumadzulo kwa Africa. Athu ankadutsa njira ina, pa zombo za Jumbe ku Nkhotakota, kuwoloka nyanja kulowera ku Kilwa. Koma nditakumbukira chithunzi chija cha m'mabuku a mbiri, anthu atandandalikidwa m'mimba mwa sitima ngati usipa pa thandala, mawu akuti zonse zili pamalo pake anandiwawa m'khutu. Chining'acho sichinena za akapolo, ndikudziwa. Koma doko ndi lomweli, zingwe ndi zomwezi, ndipo luso lolongedza linali limodzi. Ine ndinkachilemba pa bolodi pouza ana kuti akonze hositelo alendo akubwera.

Ndinawoloka Pero's Bridge, mlatho wotchedwa dzina la Pero Jones, kapolo yemwe anabwera naye kuno kuchokera ku chilumba cha Nevis. Achinyamata anali atamangirirapo maloko a chikondi. Ndinakhala pa benchi nthawi yaitali osalemba kanthu.

M'basi yopita kogona ndinaimbira mwana wanga kumuuza kuti ndili bwino, ndadya, juzi ndavala. Nditadula foni, mayi wina wovala yunifolomu ya osamalira okalamba anatembenuka. "Pepani ababa, ndinu a ku Malawi?" Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chishona. Anabadwira ku Harare, agogo ake aamuna anachoka ku Ntcheu wapansi kukafuna ntchito, osabwereranso. Iye ku Malawi sanapondeko. Atamva kuti ndatha masiku anayi osaona nsima, anagwira pakamwa. Tinatsika limodzi, ananditengera pa kamalo kena kodyera ka anthu akwawo, ndipo ndinadya nsima ya ufa woyera, nyama ya ng'ombe ndi masamba, ndi manja. Potulutsa kachikwama ka ndalama anandigwira dzanja. "Ayi ababa, mukatero mwanditukwana." Anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndimuuze Ntcheu amaoneka bwanji. Ndinamuuza za mapiri, za mbatata ndi kabichi za pa Tsangano, za msika wa pa Lizulu pomwe msewu ndiwo malire ndi Mozambique. Anachedwa ku ntchito chifukwa cha ine.

Cha m'ma 8 koloko, kunja kukadali kowala, ndinabwereranso kukaona Avon. Wadzaza mpaka m'milomo. Kaboti kaja kakuyandama ngati sikanagonepo pa thope.

Lachisanu, 13 Juni, pa siteshoni ya Bristol Temple Meads

Miyendo yatupa, chotupa cha pamphumi chasanduka chobiriwira, ndalama zatsala za tiyi mmodzi. Sitima ya ku Reading ikadali ndi mphindi 40.

Ana anga a Fomu 4 ya 1994 ali ndi gulu pa WhatsApp, anandilowetsamo kalekale, ndimangowerenga osayankha. M'mawa uno ndalembamo koyamba. Ndati, ana inu, za "three sheets to the wind" zija ndinakunamizani. Si nsalu za pabedi, ndi zingwe za matanga, ndazigwira ndi manja anga Lolemba. Fufutani m'makope.

Gulu lomwe limakhala zii mpaka wina atamwalira linadzuka nthawi yomweyo. Wina akuti kope lake linakulungidwa mandasi mu 1995. Wina, amene pano ndi loya, akufunsa kuti, "Sala, nanga zina zija munatiuza, tiyambe kuzikayikira zonse?" Kenako analemba mwini funso uja, wa pa desiki yakutsogolo. Pano ndi mkulu wa dipatimenti ya zinenero pa sekondale ina kumpoto.

"Sala, mwachedwa nazo. Ine nsalu za pabedi ndaphunzitsa zaka 19, ndipo ana anga anayi a m'kalasi ndi aphunzitsi a Chingerezi. Jambulani chingwecho mutitumizire, Lolemba ndili ndi Fomu 3."

Chithunzi cha chingwe sindinajambule, manja anali otanganidwa kuchigwira. Ndatembenuza risiti ya tiyi, ndajambula mlongoti, thanga, ndi kachingwe pa ngodya ya m'munsi, n'kulozapo ndi muvi. Thanga langa likuoneka ngati thewera. Ndatumiza choncho.